Kuseka Aliyense Nkokwanira? Mkangano wa Okonda South Park

Mutu umene a komiti adandipatsa ndi wa makatuni, kapena mabonekos monga timanenera kuno, koma osati aja a ana ayi. Ndi makatuni a akuluakulu, otukwana ndi onyoza, osaopa pulezidenti ngakhale m'busa. Alipo angapo otere, monga The Simpsons, Family Guy ndi Rick and Morty. Ine ndasankhapo sewero limodzi la ku America lotchedwa South Park, chifukwa olikonda akhala akukangana okhaokha kuyambira pamene lidayamba, ndipo mkangano wawowo uli ndi kanthu kwa ife amene ntchito yathu ndi kumvera ndi kupereka maganizo.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga za ku America zatikhudza pati? Zatikhudza m'thumba momwe timasungamo telefoni. Tizidutswa ta seweroli tikuyenda pa Facebook, pa TikTok ndi pa YouTube, tina m'Chingerezi, tina tolankhulidwa m'Chipwitikizi cha ku Brazil. Mayi akasuzumira n'kuona tizidole ta mitu yobulungira, mtima umakhala pansi, amati mwana akuonera za ana. Chonsecho ku America komweko adalilemba kuti si loyenera ana osakwana zaka 17. Tsono ndi bwino tidziwe chimene chili mkatimo, ndiponso zimene anthu amene aliwonera zaka zambiri amanena.

Poyamba ndifotokoze seweroli mwachidule. Adaliyambitsa ndi anyamata awiri, Trey Parker ndi Matt Stone, amene adakumana ku yunivesite ya Colorado. Gawo loyamba lidaonetsedwa pa 13 Ogasiti 1997 pa kanema wa Comedy Central. Nkhani yake imachitikira m'katauni kakang'ono ka kumapiri ku Colorado, ndipo eni nkhani ndi ana anayi a kupulaimale. Pali Stan, mwana wamba woganiza bwino. Pali Kyle, mnzake wa pamtima, wa m'banja lachiyuda. Pali Kenny, mwana wa anthu osauka, amene mau ake samveka chifukwa cha jekete yophimba kukamwa. Ndiye pali Eric Cartman, kamnyamata konenepa, kadyera, katsankho, kabodza, kosamvera mayi wake. Dzina limeneli mulisunge, tibwereranso kwa iye.

Gawo loyambalo adalipanga ndi manja, kudula mapepala n'kumawasuntha pang'onopang'ono uku akujambula, ndipo lidawatengera pafupifupi miyezi itatu. Kenako adayamba kugwiritsa ntchito kompyuta, koma maonekedwe a mapepala odula adawasiya dala. Phindu lake ndi liwiro. Makatuni ena amatenga miyezi yambiri kuti gawo limodzi lithe, pamene awa kwa zaka zambiri ankayamba ntchito Lachinayi, gawo n'kuonetsedwa Lachitatu lotsatira. Masiku asanu ndi limodzi basi. Nchifukwa chake amatha kuseka nkhani ikadali yotentha. Barack Obama atapambana chisankho pa 4 Novembala 2008, mawa lake lomwelo South Park idaonetsa gawo lokhala ndi Obama wopambana kale. Pofika mu 2019 magawo adali atakwana 300.

Tsopano tibwere kwa okonda. Mkangano woyamba udali pakati pa iwo ndi eni sewero. Kumayambiriro kwa 1998 padali gawo limene lidatha ndi funso lakuti bambo wake wa Cartman ndani. Anthu adauzidwa kuti adikire milungu inayi. Adadikiradi. Tsiku lolonjezedwalo lidali 1 Epulo, tsiku lopusitsana, ndipo mmalo mwa yankho, Parker ndi Stone adaonetsa gawo lonse la zidole ziwiri za ku Canada, Terrance ndi Phillip, zimene nthabwala yake ndi kutulutsa mphweya basi. Aaa, anthu adapsa mtima! Madandaulo pafupifupi 2,000 adafika ku Comedy Central, mpaka eni kanema adafulumizitsa gawo la yankho lija n'kulionetsa pa 22 Epulo. Taonani pamenepa. Anthu omwe aja ankafa ndi phwete ena akamanyozedwa, tsiku limene nthabwala idagwera iwo adalemba makalata okwiya. Chimenechi tichionanso kangapo madzulo ano.

Mkangano wachiwiri ndi umene mungaupeze paliponse pamene okonda seweroli asonkhana: kodi lidali lokoma liti? Alipo amene amati zaka zoyambirira ndiye zidali zenizeni. Masiku amenewo Kenny ankafa pafupifupi m'gawo lililonse, imfa zodabwitsa, sabata yotsatira n'kumuonanso ali moyo popanda wofunsa. Anthu ankangodikira kuti lero afa bwanji. Eni ake adatopa nazo, kumapeto kwa 2001 adamupha ngati zenizeni, ndipo pafupifupi chaka chonse cha 2002 sadakhale pakati pa anzake. Chodabwitsa nchakuti Trey Parker mwini adanenapo kuti akadapatsidwa mpata wofufuta zina, akadafufuta zaka zitatu zoyambirirazo, chifukwa zimamuchititsa manyazi. Ndiye mwini nyumba akuti zoyambazo nzachibwana, alendo akuti ndiye zokoma. Tikhulupirire ndani?

Ambiri amaloza zaka za m'ma 2001 mpaka cha m'ma 2007. Pamene okonda amaponya mavoti pa intaneti, magawo awiri sachoka pamwamba. Lina ndi "Scott Tenorman Must Die" la 2001. Lina ndi "Make Love, Not Warcraft" la 2006, lonena za ana amene adadziiwala ndi gemu ya pakompyuta mpaka kunenepa ndi kutuluka ziphuphu. Gawo lachiwirili Parker adaliona ngati loipa kwambiri, adafika popempha kuti lisaonetsedwe. Lidaonetsedwa, anthu adalikonda, ndipo lidalandira mphotho ya Emmy. Apanso mwini ndi okonda adasiyana maganizo.

Za zaka zaposachedwa madandaulo ndi awiri. Loyamba ndi la 2016, pamene eni ake adayesa kulumikiza magawo onse a chaka kukhala nkhani imodzi yopitirira, monga timaonera manovela. Ankayembekezera kuti Hillary Clinton apambana chisankho. Atapambana Donald Trump adakakamizika kukonzanso gawo la sabata imeneyo usiku ndi usana, ndipo ambiri amati nkhani yonse idasokonekera pamenepo. Lachiwiri ndi la Randy, bambo wake wa Stan, amene kuyambira 2018 adasamukira kumunda kukalima chamba. Okonda ambiri adadandaula kuti sewero la ana anayi lasanduka sewero la mdala mmodzi ndi chamba chake. Koma eni ake adali atawayankha kale odandaulawa. M'chaka cha 2016 chija adalowetsamo tizipatso tolankhula totchedwa Member Berries, timene ntchito yake ndi kunong'oneza munthu kuti akumbukire mmene zinthu zinkakomera kale, mpaka munthuyo kuleka kuganiza. Wakumva adamva.

Mikangano iwiriyi ndi ya kukoma kwa ndiwo, wina akonda mchere wambiri wina wochepa. Wachitatu ndi wolemerapo, ndipo ndi wa Cartman uja. M'gawo la Scott Tenorman, mnyamata wamkulupo amubera Cartman ndalama zochepa n'kumuchititsa manyazi. Cartman pobwezera akonza chiwembu choti makolo a mnyamatayo aphedwe, kenako amudyetsa nyama yawo m'ndiwo iye osadziwa. Mwamva bwino, sindidalakwitse. Limeneli ndi gawo limene okonda ambiri amati ndi lopambana onse. Amene muli ndi ana ogwira telefoni, ikani chimenechi pamtima.

Okonda ena amati Cartman adapangidwa kuti tizimuseka iye. Tsankho lake, amati, limaonekera poyera kuti ndi uchitsiru, ndipo kawirikawiri limamubwerera yekha. Ena amati zimenezo nzoona kwa munthu wamkulu woonera gawo lonse, koma mwana wa zaka 12 amangotolapo mau achipongwewo n'kupita nawo kusukulu. Ku America kuli anthu ambiri achiyuda amene adalembapo kuti ali ana ankanyozedwa ndi mau omwe Cartman amanyozera Kyle, ngakhale kuti Matt Stone mwini mayi wake ndi Myuda.

Chitsanzo chooneka bwino ndi gawo la 2005 lotchedwa "Ginger Kids". Mmenemo Cartman aimirira m'kalasi n'kuphunzitsa kuti ana a tsitsi lofiira ndi timadontho pankhope alibe mzimu. Anzake pofuna kumulanga amupaka tsitsi utoto wofiira ali mtulo. Podzuka, iye yemweyo asanduka mtsogoleri wa a tsitsi lofiira, n'kumalalikira kuti iwo ndiye mtundu wapamwamba. Phunziro lake ndi loonekeratu: munthu wa tsankho alibe mfundo, amangofuna womudana naye. Koma mu 2008 wachinyamata wina ku Canada adatsegula gulu pa Facebook loitanira anzake ku tsiku lomenya mateche ana a tsitsi lofiira, ndipo ana enieni adamenyedwadi m'masukulu mpaka apolisi kulowererapo. Oikira kumbuyo seweroli amati wolakwa ndi womenyayo, osati wojambula. Ine ndikuti inde, komabe mau akuti uje alibe mzimu chifukwa cha khungu kapena tsitsi lake, ife kuno sitingawatenge mopepuka. Tikudziwa zimene mau a mtundu umenewo adachitira abale athu achialubino. Ndipo lero zafika poipa, chifukwa patelefoni sipabwera gawo lonse la mphindi 22. Pamabwera kadutswa ka masekondi 40, kokhala ndi chipongwe chokha, phunziro lidatsala kwina.

Nanga ife a mu Africa amationetsa bwanji? Mu Novembala 1997 padali gawo lotchedwa "Starvin' Marvin". Ana aja aona pakanema chilengezo chopempha thandizo la anthu anjala ku Ethiopia, ndipo atumiza ndalama, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa adalonjezedwa wotchi yaulere. Mmalo mwa wotchi abweretseredwa mwana wa ku Ethiopia. Pambuyo pake Cartman atumizidwa ku Ethiopia molakwitsa, ndipo kumeneko apeza mayi wolengeza pakanema uja atadzikundikira chakudya cha thandizo n'kumadya yekha. Okonda ena amati apa akunyozedwa ndi olemera amene chifundo chawo nchofuna wotchi, pamodzi ndi odyera masuku pamutu anthu anjala. Zimenezo zilimo ndithu, ndipo amene tidaonapo thumba la ufa wa thandizo likugulitsidwa pamsika sitingatsutse. Koma ena amafunsa kuti, nanga mwana wa ku Ethiopia uja? Adamujambula mafupa okhaokha, ndipo kulankhula kwake nkodolola lilime, chinthu chimene chimapezeka m'zinenero za kumwera kuno monga Chixhosa, osati m'Chiamhariki cha ku Ethiopia. Kwa ojambulawo Africa yense ndi mudzi umodzi wa njala. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo zonse zili m'gawo limodzi lomwelo.

Apa ndiye tafika pa chishango chachikulu cha okonda South Park. Ukawafunsa za chipongwe chonsechi amayankha kuti, "Koma amaseka aliyense." Ndipo pa kulimba mtima kokha, tiwapatse ulemu wawo. Mu 2005 adanyoza chipembedzo cha Scientology, chodziwika ndi kusumira anthu kukhoti. Chaka chomwecho adakwiyitsa Akatolika ndi gawo lokhudza chifaniziro cha Maria, mpaka mabishopu a ku New Zealand adapempha anthu kuti anyanyale kanema amene adalionetsa. Mu 2010 magawo awiri okhudza Mtumiki Muhammad adabweretsa chiopsezo kuchokera ku kagulu kena ka ku New York, ndipo a Comedy Central adatseka mau ndi zithunzi zina eni sewero osafuna. Mu 2019 adaseka makampani a ku America amene amagwadira boma la China chifukwa cha ndalama, ndipo China idafufuta South Park yonse pa intaneti ya dzikolo.

Koma taonani zimene zimachitika mkondo ukalasa pafupi. Isaac Hayes, woimba wotchuka, ndi amene ankalankhula mau a Chef, wophika wa pasukulu wokondedwa ndi onse. Iye adali wa Scientology. Mu Malichi 2006 padatuluka chikalata m'dzina lake chakuti wasiya ntchito chifukwa seweroli likunyoza zipembedzo. Matt Stone adayankha kuti zaka zonse zimene ankanyoza Akhristu, Hayes sadadandaulepo ndipo malipiro ankalandira. Okonda ambiri adamutcha wachiphamaso. Patapita zaka khumi, mu 2016, mwana wake adafotokoza kuti bambo ake adali atadwala sitiroko mu Januwale 2006, sankatha kulankhula bwino, ndipo anthu ena ndi amene adawasiyitsa ntchito. Apo nkuti Hayes atamwalira kale mu 2008. Oweruza msanga aja adatsala ndi manyazi.

Pa ndale ndi chimodzimodzi. Mu 2001 wolemba wina, Andrew Sullivan, adayambitsa dzina lakuti "South Park Republican", kunena achinyamata a mbali ya chipani cha Republican amene ankakondwa kuona seweroli likuseka a mbali inayo. Mu 2015 adakondwanso pamene mudalowa PC Principal, mphunzitsi wamkulu womenya anthu chifukwa cholankhula mau osayenera. Koma pa 23 Julayi 2025 seweroli lidajambula Pulezidenti Trump atagona pabedi limodzi ndi Satana. Ofesi ya pulezidenti idayankha kuti South Park idatha ntchito zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo ena mwa okondwa aja adayamba kunena kuti sewero lawonongeka. Nawonso a mbali inayo, amene dzulo ankati ndi sewero loipa, adayamba kuliwombera m'manja. Mukukumbukira makalata 2,000 aja a 1998? Ndi nkhani yomweyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiwonjezepo kuti sabata yomweyo kudamveka kuti eni ake agwirizana ndi kampani ya Paramount za madola 1.5 biliyoni pa zaka zisanu. Okonda ena amati nchamuna kutukwana bwana wako ndalama zake zili m'thumba, pakuti m'gawo lomwelo adanyozanso Paramount. Ena amati munthu wa ndalama zotere salinso mnyamata wa kumbuyo kwa kalasi woponya timiyala, ndi mmodzi wa akuluakulu omwewo.

Koma mlandu waukulu umene ena amaimba seweroli si wa kutukwana ayi. Amati ukamaseka mbali zonse mofanana, umaphunzitsa anthu kuti palibe chofunika, ndipo wochenjera ndi amene sasamala kanthu. Amaloza gawo la mu Okutobala 2004, masiku ochepa chisankho cha George W. Bush ndi John Kerry chisadachitike. Ana a sukulu auzidwa kusankha pakati pa zinthu ziwiri zonyansa, zimene sindingazitchule pamaso pa amayi. Stan akana kuvota, apirikitsidwa m'tauni, pomaliza avota, koma voti yake siisintha kanthu. Ena amati adangonena zoona, kuti nthawi zambiri timasankha pakati pa zoipa ziwiri. Ena amati achinyamata ambiri adatengapo chifukwa chokhalira kunyumba tsiku lovota, n'kumadziona anzeru.

Mlandu umenewu umaoneka bwino pa nkhani ya Al Gore, amene adali wachiwiri kwa pulezidenti wa America kuyambira 1993 mpaka 2001. Gore ankayenda m'maiko kuchenjeza za kusintha kwa nyengo. Mu Epulo 2006 South Park idamujambula ngati munthu wosungulumwa, wofuna kutchuka, wochenjeza anthu za chilombo chotchedwa ManBearPig, theka munthu, theka chimbalangondo, theka nkhumba. Matheka atatu, masamu ake ndi amenewo. M'gawo lonselo chilombocho kulibe, chili m'mutu mwa Gore mokha, ndipo pochisaka atsala pang'ono kuphetsa ana m'phanga. Anthu adaseka. Kwa zaka zambiri, munthu akatchula kusintha kwa nyengo pa intaneti, wina ankangomuyankha ndi dzina la chilombo chija, nkhani n'kuthera pomwepo. Gore adalandira mphotho ya Nobel mu 2007, koma dzina lija lidamukakamirabe.

Mu Novembala 2018, patapita zaka 12, Parker ndi Stone adatulutsa magawo awiri mmene ManBearPig aliko ndithu, ndipo akukhadzula anthu m'tauni. Ana aja apita kwa Gore kukapepesa. Paja akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Muli kachigawo kena: bambo wina ali m'lesitilanti akufotokozera mkazi wake kuti asayansi sadagwirizane ngati chilombocho chilipo, chonsecho chili kumbuyo kwake chikupha anthu. Atachiona asintha nyimbo, akuti chabwino chilipo, koma nanga titani tsopano, kwachedwa kale. Ndiye chimudya. Kenako zidziwika kuti agogo a m'taunimo ndi amene adapangana ndi chilombocho kalekale, posinthana ndi magalimoto ndi ayisikirimu, podziwa kuti ngongoleyo adzalipira ndi adzukulu. Chilombo chivomera kuchoka ngati anthu asiya msuzi wa soya ndi gemu ina ya pakanema. Anthu akana. Mmalo mwake asaina pangano latsopano, lopereka miyoyo ya ana a m'maiko osauka, ndi kuti chidzabwerenso pakapita zaka zisanu chitakwiya koposa.

Ana a m'maiko osauka, anzanga, ndi athuwa. Miyezi inayi magawo amenewa ataonetsedwa, mu Malichi 2019, namondwe wa Idai adagwa pa Beira, ndipo m'dziko lathu lino mudafa anthu oposa 600. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete. Mu 2023 Freddy adatimenya kawiri. Anamondwe adalipo kuyambira kale, koma akatswiri a zanyengo amati kutentha kwa dziko kukuwonjezera mvula imene amabwera nayo. Tsono okonda South Park adagawikananso pamenepa. Ena adati, mwaona, awa ndi amuna, akalakwa amavomera poyera, ndi angati andale amene adachitapo zimenezi? Ena adati kupepesa kwa 2018 sikungabweze zaka 12 zimene anthu ankagwiritsa nthabwala ija kutsekera anzawo pakamwa.

Ine maganizo anga ndi awa. Mau akuti "amaseka aliyense" ndi oona, koma sakwanira. Ukaponya mwala wofanana kwa njovu ndi kwa nkhuku, sunganene kuti wachita chilungamo. Pulezidenti wa America akasekedwa ali ndi ofesi yomuyankhira. Boma la China lili ndi mphamvu yotseka intaneti. Mwana wa tsitsi lofiira pabwalo la sukulu alibe chilichonse. Seweroli likamalimbana ndi amphamvu, ndi achinyengo, ndi makampani ogwadira ndalama, ndimaona kuti likugwira ntchito imene atolankhani ambiri amaiopa. Pangano lija lopereka ana a osauka ndi nthabwala yowawa, koma lidanena m'mphindi imodzi chimene misonkhano ikuluikulu imachizungulira. Likamaseka munthu chifukwa chakuti wasamala za chinthu, pamenepo ndimasiyana nalo, ngakhale nthabwalayo ikhale yokoma chotani. Ndipo ndaona kuti okonda amene amalidziwa bwino seweroli ndi omwenso amalitsutsa kwambiri. Amatha kukuuza kuti gawo ili adalasa, ili adaphonya. Woopsa ndi uja wongobwereza mau a Cartman n'kumati ndi nthabwala chabe.

Kwa makolo ndili ndi pempho limodzi. Chojambulidwa sichitanthauza cha ana. Mukaona tizidole pa telefoni ya mwana, khalani naye pansi mphindi ziwiri mumve zimene tikulankhula. Ngati ndi wamng'ono, South Park si yake, ndipo eni ake omwe amalemba chenjezo koyambirira kwa gawo lililonse. Ngati ndi wamkulupo, wa kusekondale, kulanda telefoni sikuthandiza kwenikweni, akaonera ya mnzake. Mufunseni kuti, apa akusekedwa ndani? Wosekedwayo ndi wamphamvu kapena wofooka? Mwana amene angayankhe mafunso awiriwa ndiye wayamba kuonera ngati wamkulu.

Kwa achinyamata a m'gulu lathu amene mumalikonda seweroli, sindikukuletsani. Koma musamatumize kadutswa kachipongwe m'magulu a WhatsApp musadaone gawo lonse, chifukwa amene akalandire sadzaona kumene nkhani idathera.

Ndipo kwa tonse, mafunso omwewa tiwagwiritsenso pa wailesi yathu. Nafenso tili ndi masewero ndi anthabwala athu amene amaseka a mfumu, a polisi a pamsewu, amuna oledzera ndi apongozi. Timaseka, ndipo nkwabwino. Ndikupempha a pampando kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi nthabwala imodzi imene adamva pa wailesi, tidzaiyese pamodzi: idalasa ndani, ndipo titatha kuseka tidatsala ndi chiyani. Zimene tidzagwirizane tidzazilembe n'kuzipereka kwa opanga mapulogalamu, monga timachitira nthawi zonse.

Ndaona manja angapo adakwezedwa kale kumbuyoko, makamaka pamene ndimanena za Cartman. Ndiima pano kuti nanunso mulankhule.